Malo Atsala Pang'ono

Foni inalira 2 koloko usiku,
chipale chofewa chikugwa mwakachetechete pa Tallinn.
Sanali munthu. Anali makina a ku ofesi
kudandaula m'mawu awo ouma:
disiki yafika pa 91 peresenti.

Ndinakhala m'khitchini, bulangete pamapewa,
khofi wadzulo ndikumutenthetsanso.
Ikafika pa handiredi, nkhokwe itseka pakamwa,
palibe tikiti idzagulitsidwe,
ndipo sitima yoyamba ya ku Helsinki
imanyamuka kusanache.

93.

Ndinachita zomwe aliyense amachita nyumba ikachepa.
Ndinataya zolemba zakale za makina,
mamiliyoni a mizere yonena kuti zonse zili bwino,
zonse zili bwino, zonse zili bwino.
Nambala inatsika kamodzi,
kenaka inakwera kawiri.

Ndinalowa mkati, chipinda ndi chipinda,
kufunafuna chonenepa choti ndiphe.
Pansi penipeni, pomwe sindinafikepo,
panali foda yolembedwa kuti VALDUR, OSAKHUDZA.
Magigabaiti makumi atatu ndi asanu ndi atatu.

Valdur tinamuika m'manda mu Epulo,
nthaka idakali yolimba ndi kuzizira.
Anakhala zaka khumi ndi zinayi pampando woyang'anana ndi wanga,
akudya nsomba yam'chitini pa buledi wakuda,
fungo lake tonse tikulidandaula.
Ndinatsegula.
Zithunzi za doko. Doko lokhalokha.
Zenera lomwelo, m'mawa uliwonse,
sitima ikulowa, sitima ikutuluka,
nyanja itauma, nyanja itasungunuka.

97.

Chala changa chinaima pamwamba pa batani.
Malo amenewa akanandigulira mphindi makumi awiri,
mwina zosakwana.
Ndipo ndinamumva, ndi mawu ake aulesi aja,
mkamwa muli buledi:
Kertu, usamataye katundu m'nyanja
usanapeze pomwe madzi akulowera.

Ndinafunsa nkhokwe: ndani akukugwiritsa ntchito usiku uno?
Inatchula Taavi, mnyamata wobwera mu Seputembala.
Poweruka anasiya funso likuyenda:
ndi anthu angati awoloka m'zaka khumi ndi ziwiri,
pa sitima iti, tsiku liti.
Anangoiwala mzere umodzi,
uja wonena kuti tikiti iyi ndi ya munthu uyu.
Nkhokwe sidziwa kudabwa.
Inayamba kukwatitsa dzina lililonse ndi tikiti iliyonse,
mayi wa ku Narva ndi maulendo a anthu onse,
khanda la chaka chatha ndi sitima zomwe zinagulitsidwa lisanabadwe,
ndipo mutu utadzaza
inayamba kuunjika maukwati onsewo pa disiki,
kudikira kuti idzawasanje bwino ikamaliza.
Sikanamaliza.

99.

Ndinalemba mawu ochepa. Funso linafa.
Kwa kanthawi sipanachitike kanthu,
firiji yokha ikung'ung'udza kumbuyo kwanga.
Kenaka 88, 74, 61,
ngati madzi a m'bafa ukazula chotsekera.

Taavi ndinamulembera: ubwere ndi makeke Lolemba,
ndikakuonetse chinthu.
Ndinafufuta mawu oti chinthu. Ndinawabwezeranso.
Inenso ndinachitapo zomwezi ndili wamng'ono,
ndipo amene anadzutsidwa usiku umenewo
sanandiuze mpaka patatha zaka zitatu.

Tulo tinali titapita.
Ndinatsegula chithunzi chomaliza mu foda ija.
Sichinatuluke bwino: theka ndi chala chake chachikulu,
theka ndi sitima yoyera ikukhota pakamwa pa doko.
Ndinachiyang'ana mpaka khofi anaziziranso.

Mawa ndipempha disiki ina kwa Signe.
Adzafunsa kuti malo akuthera kuti,
ndidzati deta ikukula, ndipo si bodza.
Kunja galimoto yokankha chipale yadutsa,
nyali yake yachikasu ikuzungulira padenga la khitchini.
Pa sikirini, munthu wina wosagona ngati ine
wagula tikiti imodzi, yopita kokha.